Kumangira makina akale uli pa atsopano

Pa Linux, pulogalamu yomangidwa pa makina akale nthawi zambiri imayenda bwinobwino pa atsopano. Yomangidwa pa atsopano ukapita nayo pa akale, imangokuyang'ana. Chaka chino mutu wanga wakhala pa nkhani imeneyi.

Ndimasamalira kapulogalamu ka C kolembera mabuku obwerekedwa pa laibulale ya sukulu ina yakumudzi. Kamayenda pa timakompyuta ta Raspberry Pi Zero, kumalo kopanda intaneti. Purosesa yake ndi ya ARM, ya laputopu yanga ndi x86, ndipo ziwirizi sizimvana. Ndiye pamafunika cross-compiler: GCC yoyenda pa laputopu koma yotulutsa pulogalamu ya ARM.

Vuto lenileni ndi glibc, laibulale imene pafupifupi pulogalamu iliyonse imatsamira ikafuna kutsegula fayilo kapena kulemba mawu pa sikirini. Ntchito iliyonse mmenemo ili ndi nambala ya mtundu wake, ndipo pomanga, pulogalamu imasunga nambala yomwe yapeza. Mu Ogasiti 2021 inatuluka glibc 2.34, ndipo __libc_start_main, kachidutswa komwe kamadzutsa pulogalamu iliyonse, kanalandira nambala yatsopano. Zotsatira zake: ngakhale kapulogalamu kongolemba "moni" basi, komangidwa ndi zida za Ubuntu 22.04 zokhala ndi glibc 2.35, kamakana kudzuka pa Raspberry Pi OS ya Bullseye yomwe ili ndi 2.31. Kamangoti GLIBC_2.34 not found. Palibe chatsopano chomwe kakugwiritsa ntchito, eti, koma chitseko chatsekedwa.

Palinso msampha wina. Cross-compiler ya armhf yopezeka mu Debian ndi Ubuntu inapangidwira ARMv7, pomwe Pi Zero yoyamba ndi ARMv6. Ngakhale uiuze GCC kuti ilembe za ARMv6, tizidutswa tomwe imabwera nato tinamangidwa kale mwa ARMv7. Pulogalamu imamangika popanda dandaulo, n'kukafera pa Pi.

Ndiye umamanga wekha zida zonse. GCC yathunthu imafuna glibc, glibc nayo imafuna GCC kuti imangidwe. Nkhuku ndi dzira. Umayamba ndi binutils ndi mafayilo a kernel, kenako GCC yopereŵera yomangira glibc, kenako GCC yonse. crosstool-NG imayendetsa zimenezi, iwe n'kungosankha ARMv6 ndi glibc yosapitirira ya pa Pi. Kenako umadikira, fani ikulira, ukupemphera kuti magetsi asathime.

Anzanga ena akamva izi amati, "Aise, ungokweza sisitimu ya pa Pi, nkhani yatha." Malangizo amenewa amandinyansa pang'ono. Amaiwala bandulo, amaiwala thiransipoti, amaiwalanso kuti pa memori khadi imeneyo pali kaundula wa mabuku amene aphunzitsi akhala akulemba kwa zaka. Ikasokonekera pokweza, amene adzasoŵe choyankha ana akabwera kudzabweza mabuku ndi aphunzitsiwo. Ine ndidzakhala ndili ku tauni.

Ena amati ndimatire zonse mu fayilo imodzi pogwiritsa ntchito musl. Zimatheka ndithu, koma ndiye kuti musl ikapezeka ndi chiboo, ndiyenera kumanganso n'kukapereka ndekha.

Amene ndimawapatsa ulemu ndi anthu a Python. Muyezo wawo wa manylinux2014 umamangira pa CentOS 7, ya glibc 2.17, mwadala, kuti wa makina okalamba asatsalire. Kumeneko ndi kumene ndinatengera nzeru. Toolchain yanga ya ARMv6 ndi glibc 2.31 ili pa fulashi ziwiri, pamodzi ndi fayilo ya .config ndi kakalata ka m'Chicheŵa kofotokoza mmene ndinaimangira. Fulashi imodzi ndikukaisiya kwa ahedi temu ikatsegulidwa.