Za Maapozi a ku Mapiri a Dedza

Munthu akachoka ku Mua, kumene Abambo Oyera anamanga misoni m'chaka cha 1902, nakwera chitunda cha Golomoti kunka ku Bembeke, asiya mango ndi thukuta kunsi, nalowa m'dziko la nkhungu. Ife a kuno tidandaula ndi chisanu cha June ndi July, koma mtengo wa apozi ukondwa nacho: uyoyola masamba, ugona tulo, ndipo ukapanda kuzizidwa suchita maluwa bwino. Nchifukwa chake kunyanja subala.

Maapozi athu ngaang'ono, ena ngowawasa, safanana ndi onyezimira aja a ku South Africa ogulitsidwa m'misika. Tsono ambiri awanyoza, nawasiya aole pansi, ena mpaka kudula mtengo kuti abzale mbatatesi. Ife titi nkulakwa kumeneko, pakuti apozi wowawasa ndiye akoma pamoto.

Inu amayi, sendani maapozi anayi, chotsani njere, muwaduledule. Sakanizani makapu awiri a mgaiwa, shuga, soda pang'ono, kamchere, dzira ndi mkaka, monga muchitira chigumu. Pakani mafuta mumphika, yalani maapozi pansi, thirani phalalo pamwamba. Makala ambiri akhale pa chivundikiro, pansi ochepa okha, chifukwa shuga wa zipatso sachedwa kupserera. Mukabaya ndi kamtengo nikatuluka kouma, chapsa. Chizizire, kenaka mugadabuze mphika m'mbale, maapozi aonekere pamwamba, ndipo agogo opanda mano ayambe ndiwo kulawa.