Usipa wa pa thandala la eni

Buku la Robin Hobb lotchedwa Assassin's Apprentice ndinalipeza pa mulu wa mabuku akale mumsika wa ku Salima, chikuto chili chong'ambika. Linatuluka mu 1995, ndipo ndi loyamba limene mayiyu analemba m'dzina limeneli. Ndi nthano ya dziko lopeka: mnyamata Fitz, mwana wapathengo wa m'banja lachifumu, amadzutsidwa usiku ndi nkhalamba Chade kuti aphunzire za ziphe ndi kupha adani a mfumu mwakachetechete. Buku loyamba la Brent Weeks, The Way of Shadows la mu 2008, nalonso ndi la mwana wamasikini ndi katswiri wakupha wotopa ndi moyo, koma ilo ndinangoliwerenga n'kuliiwala.

Zakuphazo sizinandigwire mtima. Chimene chinandisowetsa tulo ndi usiku umene Chade akulamula mnyamatayo kuti akabe kanthu m'chipinda cha Mfumu Shrewd. Fitz akukana, pakuti analonjeza kukhulupirika kwa mfumuyo, ndipo nkhalambayo ikumupirikitsa mwaukali. Mwana akufooka ndi chisoni. Patapita masiku, Chade akudzapepesa: anali mayeso chabe, ofunidwa ndi mfumu yomweyo.

Ine usodzi ndinauphunzira kuno ku Chipoka kwa malemu amalume anga. Anali siginala wodziwika, mwini nyali zokopa usipa, ndipo chilimira sichinkaponyedwa iwo asanalankhule. Anandiphunzitsa kumva mwera usanafike, kusoka ukonde, ngakhale kukhala chete m'bwato. Ndinkawaopa ndi kuwakonda mofanana.

Tsiku lina kusanache, titabwerako chimanjamanja, anandiloza thandala la mnansi wathu. "Mphwanga, katape usipa apo, mbale imodzi yokha. Eni ake akadali m'tulo." Ndinaima pang'ono, kenako ndinapita. Nditabwera nayo mbaleyo anaiyang'ana nthawi yaitali, naitenga, nakakhuthula pomwe ndinatapa, osanena kanthu. Tinapita ku swala ya m'mawa limodzi monga mwa masiku onse.

Kodi anali mayeso? Kapena njala inawagonjetsa kamphindi, manyazi n'kuwabweza? Sindinafunse, pakuti mwana safunsa malume ake zotero, ndipo iwo anapita nalo yankho kumanda. Kwa zaka zambiri ndinkadziweruza ndekha kuti ndinalephera. Nditawerenga za Chade akupepesa mwana, mpamene ndinayamba kuganiza kuti mwina amalume ndiwo anali ndi ngongole kwa ine. Anandiphunzitsa kuti m'bwato mawu a wamkulu satsutsidwa, kenako n'kundiyesa ngati ndingawatsutse.

Tsopano mwana wa mlongo wanga amakwera bwato langa. Ali ndi zaka 13, ndipo amachita chilichonse ndanena ndisanamalize n'kulankhula. Sabata yatha ndinamupatsa bukulo, ngakhale Chingerezi chake n'chotsimphina. Wafika pamene Chade wangoyamba kumudzutsa Fitz usiku, ndipo wandifunsa kale kawiri ngati nkhalambayo ndi munthu wabwino.