Nthoci za kwa Ndake ndi Malole a Cisanu

Munthu akaoloka ulalo wa Luangwa, umene unatsegulidwa mu 1968, napitirira mapiri a Kacholola, amafika pa Nyimba, kwa Ansenga a Mfumu Ndake. Pamenepo tinakhala m'mbali mwa mseu wa Great East, tikupenya malole oyera ocokera ku Lusaka alikulunjika ku Petauke ndi ku Chipata.

Malolewa ali ndi makina oziziritsa katundu. Nkhuku ndi nsomba zouma ndi cisanu zimayenda pa madigri 18 pansi pa ziro, pamene mkaka umafuna madigri ngati 4. Makinawo akafa panjira dzuwa likuswa mtengo, katunduyo sacedwa kuonongeka.

Koma m'mphepete mwa mseu womwewo amai akhala ndi mikoko ya nthoci zimene zinachukitsa Nyimba. Nthoci yakupsa siyembekeza wogula: ikayamba kuda, mai amatsitsa mtengo, ndipo ndalama ya sukulu ya mwana imathera pomwepo. Tisaganize kuti firiji ya m'nyumba ingaipulumutse, pakuti kuzizira kwambiri kumadetsa khungu lake. Yaiwisi imafuna madigri 13 kapena 14. Motero ndi mmene nthoci za ku Ecuador zimaolokera nyanja milungu ingapo mpaka ku Ulaya.

Makolo athu anadziwa kufutsa ndiwo ndi kuwamba nsomba kuti cakudya cisatayike. Nanga ife? Alimi a kwa Ndake atagwirizana kumanga nyumba imodzi yozizira, malole obwerera ku Lusaka akanaimapo ndi kusenza thukuta lao lisanaole.