Malonda wa njala ni geti yotsegula

Masiku ano mnyamata aliyense wa chifuwa chachikulu mu Lusaka afuna kukhala na kampani yake ya security. Nchito yanga ni yoyenda mu ma show na mu ma club, ndiye ma bouncer ndimacheza nao maningi, makamaka cha mu ma 02 pamene pa khomo pakhala zii. Nyimbo yao ni imodzi: "Mwandi nalema kuimilila pa chitseko cha munthu. Nifuna vanga."

Sindiwaseka ai, chifukwa msika ulipo. Chilala cha 2024 chitachepetsa madzi ku Kariba, malaiti anali kupita pafupifupi tsiku lonse, ndipo mumdima uja aliyense wa ka shop, ka lodge kapena nyumba yosatha kumanga anayamba kusakila munthu wokhala maso pa geti. Akawalala naonso sapita pa holide.

Mapepala si ovuta monga mmene anthu amaopela. Dzina la kampani ulembetsa ku PACRA, TPIN utenga ku ZRA, kenako ulembetsa anchito ako ku NAPSA, ku NHIMA na ku Workers' Compensation. Aliyense amene ufuna kulemba nchito apite ku polisi akadinde zala, abwele na police clearance, olo akhale mwana wa amalume ako. Za mfuti iwalako, izo zili na laisensi yake ndipo iwe sunafike kumeneko. Yunifomu atelala a ku Kamwala akusokela, jombo upeza mu salaula.

Pamene anthu amagwela ni pa masamu.

Msuweni wanga wa ku Matero anali bouncer zaka zingapo asanayambe yake. Kontilakiti yoyamba inali yolonda yadi ya munthu amene anali kumanga ma flat ku Chalala, usana na usiku. Iye anawelenga anthu awili, wa masana na wa usiku, nkupeleka mtengo. Manje onani. Wiki ili na maola 168. Lamulo la zanchito, Employment Code Act ya 2019, likamba kuti malonda akapitilila maola 60 pa wiki, maola apamwambawo uwalipile kamodzi na hafu. Gawani 168 na 60, mupeza kuti geti imodzi ifuna anthu atatu. Wachitatuyo, amene alowa pamene mnzake apumula kapena mwana wadwala, msuweni wanga sanamuike mu mtengo. Sanaikemo 5 peresenti ya NAPSA imene bwana amaonjezela pa ya wanchito, kapena 1 peresenti ya NHIMA. Sanaikemo na Yango yomupeleka ku Chalala pakati pa usiku kukaona ngati anyamata ali maso.

Ndiye mwezi unatha. Mwini ma flat ati mailo. Mailo linakhala Friday, Friday inakhala "nikali kuyembekeza cheke". Koma malonda alibe mailo. Landilodi wake ku Kanyama afuna lendi pa 1, mkazi afuna unga, ndipo munthuyo wakhala maola 12 usiku uliwonse mu mphepo ya June, pambali pa matumba a simenti amene angathe lendi yake ya miyezi ingapo. Sindikamba kuti malonda ni akuba. Ambili amene ndiwadziwa ni azibambo aulemu amene amapalasa njinga kuchoka ku komboni mpaka ku Kabulonga kukalonda galimoto imene sadzakwelamo. Koma munthu wanjala, wina akabwela pa geti na ka K200 ati "yang'ana kumbali chabe", mwamuika pa mayeso amene inu a bwana simungapilile.

Msuweni wanga anasankha kulipila anyamata. Ndalama anatenga ya kaloba, ndipo amene munakongolapo kaloba mudziwa kuti chiwongoladzanja chake sichigona. Kasitomala atalipila, phindu lonse linapita kwa wa kaloba, na ka TV ka mu sitting room kanatsatila.

Ichi ndiye ndimawauza anyamata a pa khomo akandifunsa. Ngati ulibe malipilo a miyezi iwili kapena itatu ya anthu ako ali phee mu akaunti, usagwile kontilakiti ya pa mwezi. Yambila pa nchito zolipila tsiku lomwelo. Show ngati ija ya Yo Maps ku Heroes Stadium mu 2023 si yako, kumeneko kumakhala apolisi na makampani akuluakulu. Yako ni kitchen party, chilanga mulilo, ukwati, nyumba ya malilo pamene mafoni amasowa usiku, na magalimoto a pa tchalitchi pa overnight. Utenga hafu usanapite, hafu ina mwambo usanathe, ndipo anyamata abwelela kunyumba na ndalama mu thumba. Azimai a mu komiti ya kitchen party akakukonda, namba yako iyenda yokha.

Palinso tunthu tung'onotung'ono tumene bwana wokhala mu ofesi amaiwala: tochi yowala zoona, wisulo, jekete ya mphepo, talk time mu foni, na buku lolembamo zonse zochitika pa geti. Bukulo ndiye likupulumutsa tsiku limene mwini yadi akamba kuti simenti yasowa, pamene anatulutsa ni foromani wake masana.

Lelo msuweni wanga ali na anthu asanu na mmodzi. Mwezi watha anakana kontilakiti ya lodge ina yooneka bwino maningi, chifukwa manijala anakamba kuti iwo amalipila pakapita masiku 60. Weekend imeneyo anakalonda ukwati ku Chilenje, ndipo pa 23 koloko aliyense anali atalandila yake pa foni.