Nkhokwe zambiri, chimanga panja

Ndikuvomera poyera kuti usiku umene malipiro a anthu anachedwa pa banki ina ku Johannesburg, wolakwa ndinali ine. Ndinayesa kunamizira makina, koma mtima unakana.

Ndinali woyang'anira madisiki a mainframe ya IBM. Kale dipatimenti iliyonse inali ndi madisiki akeake. A zamalipiro anali ndi awo, a zangongole awonso, ndipo wolemba JCL (malangizo oyendetsera ntchito pa makinawo) aliyense ankaloweza dzina la disiki yake n'kumalilemba pa VOL=SER. Ife tinali ngati anyakwawa ogawa minda. Wofuna malo ankabwera kudzawomba m'manja, ndipo ulemuwo ndinkaukonda.

Kenaka mabwana analamula kuti tisamukire ku DFSMS, dongosolo limene IBM inatulutsa mu 1988 kuti makina azisankha okha pokhala faili iliyonse. Malamulo ake amalembedwa mu ma ACS routine anayi. Data class imanena maonekedwe a faili, storage class imanena liwiro lofunika, management class imanena nthawi yoisamutsa kapena kuifufuta, pomwe storage group ndi gulu la madisiki limene failiyo igweremo. Pa gulu la madisikipo ndi pamene ndinapunthwa.

Bambo wina wachikulire amene anandiphunzitsa ntchitoyi anandikokera pambali. "Mphwanga, magulu akhale ochepa koma aakulu. Gawa potengera kukula kwa mafaili ndi khalidwe lake, osati mwini wake." Ine ndinayankha mwaulemu kuti, "Ndamva, bambo," koma mumtima ndinati nkhalambayi yatopa. Ndinapatsa dipatimenti iliyonse gulu lake, lina la madisiki awiri, lina atatu, onse a 3390 Model 3, iliyonse yosunga pafupifupi 2.8 GB. Aliyense wodandaula ndinkamupatsa Guaranteed Space kuti azisankhabe disiki yake monga kale. Anthu anandiyamika. Kunena zoona, sindinasinthe kanthu. Ndinangoveka dongosolo lakale malaya atsopano.

Kutha kwa mwezi kunandiulula. Foni inalira pakati pa usiku kuti ntchito ya malipiro yagwa ndi B37. Faili inakula, madisiki a gulu lake anali atadzaza, malo owonjezera kulibe. Nditatsegula ISMF, pulogalamu yoonera madisiki ndi magulu ake, thukuta linandituluka: gulu loyandikana nalo linali ndi malo ambirimbiri, ongokhala. Koma DFSMS siiba. Imangoyang'ana m'magulu amene ACS routine yaiuza, ndipo routine imeneyo ndinailemba ndine. DFSMShsm, yomwe imasamutsa mafaili akale kuti malo apezeke, nayo inalibe chosamutsa, chifukwa pofuna kukondweretsa anthu ndinali nditaika mafaili awo ambiri pa management class yoletsa kusamutsa. Ndinamanga nkhokwe pakhomo lililonse n'kukhoma zonse, chimanga chikunyowa panja.

Tinawonjezera madisiki, ntchito inayambanso, koma kunacha isanathe. M'mawawo ndinaganizira mayi woyeretsa muofesi mwathu, amene ankadikira ndalama ya lendi, ndiponso mayi anga kumudzi, amene ankadikira kuti ndiwatumizire ya feteleza. Manyazi anandigwira. Bambo aja sanandidzudzule. Anangondiikira kapu ya tiyi patebulo n'kunena kuti, "Tiyambirenso." Safunsa anadya phula, koma ine ndinaposa pamenepo, pakuti ndinauzidwa ndipo ndinadyabe.

Tinagumula magulu onse aja n'kutsala ndi ochepa: la mafaili osakhalitsa, la mafaili aang'ono, la aakulu, ndi la DB2 palokha. Tinaikanso gulu la overflow loti lizilandira zosefukira ena akadzaza. Mayina a madisiki akale amene anali akadali mu JCL tinawaika m'gulu la dummy kuti ntchito zisamagwe. Madisiki otuluka tinawaika pa DISNEW kuti asalandirenso mafaili atsopano, mafaili n'kuwasamutsa pang'onopang'ono ndi DFSMSdss. Guaranteed Space inatsalira mafaili owerengeka oyifunadi. Ndipo sindinayatsenso SCDS yatsopano, faili yosunga malamulo a DFSMS, ndisanayese ma ACS routine ake mu ISMF.

Eni madipatimenti ananyinyirika kwa milungu ingapo kuti ndawalanda madisiki awo. Kenaka anaiwala, poti foni za usiku zinachepa.

Inu amene mukukonzekera ulendo womwewu, musanalembe gulu loyamba dzifunseni ngati mukugawira makina kapena mukusangalatsa anthu. Dipatimenti ikakupemphani madisiki akeake, kanani mwaulemu, koma kanani ndithu.