Kompyuta nayo imamva dzuwa la Okutobala

Okutobala akafika kuno ku Thambani aliyense amasaka mthunzi, ngakhale mbuzi, koma kompyuta palibe amaiganizira. Pasukulu yomwe ndimaphunzitsa tili ndi imodzi yaikulu yosunga malikisi a ana, mapepala a mayeso akale a MANEB ndi mabuku omwe sitingakwanitse kugula. Itafa lero, ana a Fomu 4 angagwire njakata.

Ambiri timaopa kuthimathima kwa magetsi basi, kuiwala kutentha. M'kati mwa kompyuta yotereyi muli kachipangizo koyendetsa ma hard disk, kamene kamalozera chilichonse malo oti chisungidwe. Sikapuma, ndipo kamatentha kwambiri. Pamwamba pake amamatapo kachitsulo ka mano ngati chipeso kuti kazimwaza kutenthako, koma kachitsuloko sikathandiza ngati mphepo sikudutsapo. Kachipangizoka kakapsa, zonse zimakhala zilimo ndithu koma simungazifikire, ngati golosale yodzaza katundu kiyi atatayika.

Si vuto la ife akumudzi tokha. Mu Julaye 2022 kutentha kutafika madigiri 40 ku London, a Google ndi a Oracle anazimitsa ena mwa makina awo osungira zinthu za pa intaneti chifukwa zoziziritsira zinalephera. Akatswiri amalangiza kuti mpweya wolowa m'makina otere ukhale pakati pa madigiri 18 ndi 27. Nanga chipinda chathu cha malata chopanda siling'i, masana a Okutobala?

Ndalama ya makina oziziritsa mpweya tilibe, ndiye timachita zomwe tingathe. Kompyutayo tinaichotsa pansi n'kuikweza patebulo, motalikirana ndi khoma kuti mpweya wotentha uzituluka kumbuyo. Teremu iliyonse timaitsegula n'kupemerera fumbi, poti fumbi la kuno likaunjikana pa kachitsulo kaja limakhala ngati bulangete. Chovuta kwambiri chinali kuletsa anzanga kuifunditsa chitenje ikuyaka. Amachita mwachikondi, kuiteteza ku fumbi, osadziwa kuti akuibanika. Tsopano imafunda pokhapokha ikazimitsidwa, ndipo ntchito yaikulu timagwira m'mawa. Lachisanu lililonse malikisi timawakopera pa fulashi yomwe imagona ku ofesi ya ahedi.

Inu akufuna kwabwino amene mumapereka makompyuta m'sukulu, tikuthokoza, koma pa bajetiyo muziikapo fani ndi siling'i. Yathu inabwera ndi katoni yake basi.