Galimoto za pa Okushoni Zimene Zimagona pa Miyala ku Kalingalinga

Munthu woyenda mumsewu wa Alick Nkhata, kucokera ku nyumba ya mphepo ya ZNBC kulinga ku Mtendere, amadzera pa Kalingalinga, komboni yoyandikana ndi Yunivesite ya Zambia. M'mbali mwa msewu aimikamo mageti, zitseko ndi mafelemu a mawindo, pakuti komboni iyi ndi yochuka cifukwa ca amisiri owocherera zitsulo.

Akapatukira m'timisewu ta mkati amapeza amakaniko akugwira nchito pabwalo, pansi pa mitengo. Pambali pao pamakhala galimoto zopanda mateyala, zoikidwa pa miyala, udzu utamera pansi pake. Zina mwa izo zinabwera mocita kukokedwa kucokera ku okushoni, ndipo eni ake akali kufunafuna ndalama zozidzutsira.

Mu Lusaka galimoto za pa okushoni zimacokera kosiyanasiyana. Boma limagulitsa zimene zakalamba m'maunduna. Bungwe la Zambia Revenue Authority, limene linayamba nchito mu 1994, limagulitsa zimene eni ake analephera kulipirira msonkho. Palinso zolandidwa cifukwa ca ngongole, ndi zimene makampani a inshuwalansi amagulitsa zitacita ngozi. Lamulo la malondawa ndi limodzi: katundu amagulidwa monga mmene alili. Nyundo ikagunda, wogula sangabwezenso galimotoyo, ngakhale atapeza kuti injini inafa kalekale.

Pa masiku oonetsa katundu munthu amaloledwa kuyang'ana, koma kawirikawiri saloledwa kuyendetsa. Apa ndi pamene pagona ngozi. Galimoto imene yaima miyezi yambiri padzuwa ndi pamvula imauma mipira, mabuleki amagwira, ndipo thanki imacita dzimbiri. Nthawi zina batire, sitata kapena giyabokosi zimakhala zitacotsedwa kuti zikacilitse galimoto inzake. Penti yowala singaulule zimenezi. Akuluakulu anati cikomekome ca nkuyu, mkati muli nyerere.

Tsiku la malonda limabwera ndi ciyeso cina. Manja akayamba kukwera, munthu amacita manyazi kugonja pamaso pa anzake, ndipo amapitirira mtengo umene anapangana ndi banja lake. Pamwamba pa mtengowo amalipiranso gawo la wogulitsa ndi ndalama zokokera galimoto. Akalephera kumaliza kulipira pa masiku oikidwa, cikole cake cingathe kupita.

Kenaka pamatsala mapepala. Kuti dzina lisinthidwe pa buku loyera ku Road Transport and Safety Agency, manambala a injini ndi chasisi ayenera kugwirizana ndi olembedwa. Akasiyana, galimotoyo singayende pamsewu mwalamulo, ngakhale italira bwino cotani.

Ndiye cifukwa cake mtengo weniweni wa galimoto yotere umadziwikira ku Kalingalinga, makaniko akatsegula boneti ndi kuyamba kuwerenga zosowa. Munthu amene anagulitsa poloti kapena kutsanulira penshoni yake yonse, akuyembekeza kuyendetsa takisi, angatsale ndi cigoba cimene nkhuku zimaikiramo mazira.

Ogula ocenjera amayambira komweko asanapite ku okushoni. Amatenga makaniko pa tsiku loonetsa katundu, amayerekeza manambala ndi mapepala, nalemba mtengo umene sadzapitirira. Mtengowo ukadutsidwa amatsitsa dzanja ndi kubwerera kunyumba pa minibasi, ndalama zao zili m'thumba.